Boti losalala pansi, losanjikiza m'mbali: ndiphwasule?

Kalipentala wa ku Glen View:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ine ntchito yanga ndi mipando ndi makabati, koma sabata yatha msodzi wina wa ku Lake Chivero, nyanja ya kufupi ndi Harare kuno ku Zimbabwe, wandibweretsera boti lakale lamatabwa kuti ndilikonze. Nditalitembenuza ndinadabwa. Pansi matabwa anangowagundaniza, posalala ngati tebulo, koma m'mbali thabwa lililonse lakwera pa linzake ngati malata a denga. Pomwe njira ziwirizi zakumana mpomwe pawola, chala chikuchita kulowa. Kodi mmisiriyo anasokoneza? Mtima ukukana kuphwasula, chifukwa ntchito yake ikuoneka kuti munthuyo ankalidziwa thabwa.

Mphunzitsi wopuma, Mufakose:
Achimwene, musaphwasule ayi. Kapangidwe kameneko n'kakalekale. Mu 1962, anthu okumba mtsinje wa Weser ku Bremen, m'dziko la Germany, anapeza chombo chamalonda cha m'ma 1380, chotalika mamita oposa 23, cha mtundu wotchedwa cog. Chinali ndendende momwe mwafotokozeramu. M'madoko ambiri a kumeneko madzi a nyanja akaphwera chombo chimatsala pamatope, ndiye pansi pankafunika pafulati, kuti chikhazikike bwino potsitsa katundu. M'mbali ankasanjikiza chifukwa matabwa okhomerana okhaokha amagwirana zolimba. Msomali ukatulukira mkati ankaupinda kawiri, nsonga n'kubwerera m'thabwa. Suzumirani mkati mwa boti lanulo, mwina mupeza zomwezo.

Kusanjikiza kunadzatha pa zombo zikuluzikulu. Mary Rose, sitima yankhondo ya ku England yomwe inamira mu 1545, inali yogundaniza pansi ndi m'mbali momwe, poti kuboola mazenera a mizinga pa matabwa osanjikiza kunkavuta.

Mayi wa ku Mbare:
Mwandikumbutsa agogo anga aamuna ku Nkhotakota, inu! Ndili kamtsikana ndinkawagwirira chitini cha phula iwo akukhomera thonje m'mipata ya matabwa ndi tchizulo chobuntha, go go go, mpaka dzuwa kupendeka. Fungo lija sindiliiwala. Langizo langa n'limodzi, bambo: mukamaliza, boti likamalowa madzi masiku oyamba musade nkhawa. Lisiyeni m'madzi matabwa afufume kaye, mipata itseka yokha.

Kalipentala wa ku Glen View:
Zikomo aphunzitsi, zikomo mayi. Ndasuzumira ndi tochi, misomali ndi yopindadi, ngakhale kamodzi kokha. Ndichotsa matabwa awiri owolawo basi. Ndili ndi mukwa wouma bwino, uja kwathu timati mlombwa. Mawa m'mawa ndiyamba kupala.