Ndikufuna kupita ndi mayi anga ku Rarotonga ndi Aitutaki, amene munafikako ndithandizeni

Moni nonse. Admin chonde musachotse, ndikudziwa pano timakambirana za ntchito ndi lendi koma lero ndabwera ndi zina.

Ndimakhala ku Auckland, ndine namwino. Mayi anga anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzandithandiza nditachira, ndiye miyezi yonseyi akhala akungolera mdzukulu m'nyumba atavala majuzi awiri, kuzizira kwa kuno kwawatopetsa kwabasi. Ndikufuna asanabwerere kumudzi ndiwatengere ku Cook Islands sabata imodzi mu August akaothereko dzuwa, nyengo ya mphepo zamkuntho imayamba November mpaka April ndiye August ndi bwino. Ndege yochoka kuno mpaka Rarotonga, chilumba chachikulu cha Cook Islands, ndi pafupifupi maola 4 ndipo ndalama yake ndi yomweyi ya New Zealand, palibe zosinthitsa.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi viza. Kulowa ku Cook Islands akuti mlendo amapatsidwa masiku 31 pa eyapoti bola akhale ndi tikiti yobwererera, pasipoti ya Malawi sivuto. Koma pobwerera kuno? Anthu amaona ngati ndi New Zealand yomweyo chifukwa eni ake ali ndi pasipoti ya kuno, koma zilumbazi zimadzilamulira zokha kuyambira 1965, kupita uko ndiye kuti watuluka. Ine ndili ndi residency koma mayi ali pa visitor visa, ndiye ndikuopa tingakasangalale kenako akawakanize kukwera ndege yobwerera, ine n'kutsala ndi khanda kumsana ndi mayi wa zaka 66 pa chilumba. Alipo anapitako ndi kholo lake?

Chachiwiri Aitutaki, chilumba china cha komweko. Zithunzi zamadzi ake ndaziona ndipo mtima wanga wapita kale, koma ndi ndege ina yaing'ono ya Air Rarotonga, pafupifupi mphindi 50, ndipo mtengo wake ukuluma. Mayi boti saliopa, anakwerapo Ilala kupita ku Likoma kuukwati wa msuweni wawo, koma kandege kaja ndi BP yawo sindikudziwa. Tipite kungoswera n'kubwerako tsiku lomwelo kapena tigoneko, kapena tingozisiya? Ndinawauza kuti pa One Foot Island, kachilumba ka ku Aitutaki, amadinda pasipoti chidindo chooneka ngati phazi, anangondiyang'ana n'kuti "pasipoti yanga asaiseweretse."

Komanso nsima. Mukudziwa makolo athu, akadya mpunga amati agona ndi njala. Ufa amalola kulowa nawo?

Mayankho

Mayi wa ku Hamilton: Asisi tsegulani kalata ya viza yawo muone ngati inalembedwa single kapena multiple entry, komanso tsiku lomaliza kulowa. Ikakhala single musagule tikiti, akangotuluka viza yatha. Konzani kaye zimenezo ndi a Immigration New Zealand.

Bambo wa ku Brisbane: Chenjerani ndi madeti achemwali! Mumadutsa mzere wosinthira tsiku, ukanyamuka Loweruka umakatera Lachisanu. Ine ndinabukitsa malo ogona ndi deti ya pa tikiti yonyamukira, ndinafika usiku wathunthu opanda chipinda. Chosangalatsa n'choti kumeneko kuli kumbuyo kwa Malawi ndi maola 12 ndendende, ikakhala 7 koloko madzulo ku Rarotonga, kumudzi ndi 7 m'mawa tsiku lotsatira, kuimba foni sikuvuta kuwerengera.

Mayi wina wa ku Wellington: Ineyo ndikanakhala inu Aitutaki ndikanaisiya. Rarotonga yokha ikuwakwana agogo, msewu wozungulira chilumba chonse ndi makilomita 32 basi ndipo mabasi ndi awiri, ina Clockwise ina Anti-Clockwise, simungasochere olo mutafuna. Loweruka m'mawa apite nawo ku msika wa Punanga Nui ku Avarua, chinangwa chilipo, mbatata, nthochi, ndi rukau, masamba a koko ophika ndi mkaka wa kokonati, amakhala ngati ndiwo zotendera. Ika mata yokha musawapatse, ndi nsomba yaiwisi yonyika mu mandimu, adzakudandaulani mpaka ku Ntcheu. Lamulungu alowe tchalitchi cha CICC (Cook Islands Christian Church), maimbidwe ake achikhalidwe otchedwa "imene tuki" munthu thupi limachita tsembwe. Atenge mankhwala othamangitsa udzudzu, malungo kulibe koma dengue imabwera nthawi zina.

Bambo wa ku Brisbane: Aaa ayi mayi, kufika Rarotonga osaona Aitutaki? Gonaniko masiku awiri. Za ufa tengani wa m'sitolo wosatsegula ndipo muulembe pa fomu ija, akaona okha, osabisa.

Wolemba funso: Zikomo nonse. Ndayang'ana kalata ija, ndi multiple entry, mtima wakhala m'malo. Ndawawerengera mayi za tchalitchi ndiye ayamba kale kusita chitenje cha Mvano. Tsopano amene mukudziwa malo ogona okhala ndi khitchini cha ku gombe la Muri pa Rarotonga otchipirako mundiuze, mthiko akuti anyamula wawo.