Tikatchula RFC 5280, kodi zokonzedwa pambuyo pake zalowamo?

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwirapo ntchito ya masatifiketi a chitetezo cha pa intaneti.

Kuntchito andipatsa udindo wolemba malamulo a momwe maseva athu azilandirira masatifiketi, ndipo ndatchulamo RFC 5280, chikalata cha malamulo a masatifiketi cholembedwa ndi IETF (bungwe lokonza malamulo a kayendedwe ka intaneti), chomwe chinatuluka mu 2008. Chandivuta nchakuti RFC ikangosindikizidwa, mawu ake sasinthidwanso. Zolakwika zimalembedwa padera pa mndandanda wotchedwa errata, ndipo pamenepo zina amazivomereza kuti Verified, zina amazisunga kuti Held for Document Update (kudikira chikalata chatsopano), zina amazikana. Mu 2013 kunabweranso RFC 6818 yowongola mbali zina za RFC 5280 yomweyo.

Pamene mutu waima penipeni ndi apa. RFC 5280 inatsamira pa X.509 ya mu 2005, chikalata cha masatifiketi cha ITU-T (nthambi ya bungwe la dziko lonse loona za matelefoni ndi mauthenga), ndipo a ITU-T nawonso amakonza zolakwika zawo potulutsa corrigendum. Akakonza kumeneko, ife otsata RFC tizitsatira pompo, kapena tidikire kuti IETF inenepo kaye? Nanga bungwe ngati NIST (loona za miyezo ku America) likangolemba nambala ya RFC osatchula errata, limakhala likutanthauza mawu oyambirira okha?

Ineyo ndikuona kuti nkwabwino kulemba kuti tikutsata RFC pamodzi ndi errata za Verified zokha, nkuikapo tsiku limene tinaziwerenga. Mnzanga akuti zimenezo zidzativuta pakabwera odzatiyendera, chifukwa mndandandawo umakula.

Amene munalembapo chikalata chotere, munaika mawu otani? Chonde ndithandizeni, ndiyenera kuchipereka Lachisanu.