Mijigo yanga yathawira kumanda pa QGIS, ndalakwitsa pati?

Wamijigo:

Akuluakulu, ndithandizeni, mutu wanga waima. Ndimagwira ntchito ku kabungwe kakang'ono kokonza mijigo m'midzi ya ku Ntcheu. Kuyambira Juni ndakhala ndikuzungulira pa njinga yamoto. Ndikafika pa mjigo ndimaima pomwepo, n'kutenga malo ake pa foni kudzera mu KoboToolbox, pulogalamu yodzazira mafomu, n'kulemba ngati ukutulutsa madzi kapena unafa, komanso mudzi wake. Pano ndili ndi mijigo 143 mu Excel.

Abwana akufuna mapu pofika Lachisanu, osonyeza mijigo yakufa ndiponso nyumba zimene zili kutali ndi madzi kupitirira mamita 500. Ndalama za laisensi ya ArcGIS, pulogalamu yogula yopangira mapu, kulibe, ndiye mnzanga anandiikira inzake yotchedwa QGIS pa laputopu, nati ndi yaulere ndipo imachita zonse. Zoona ndi yaulere, koma yandilanda tulo.

Nditalowetsa fayilo, mijigo isanu ndi iwiri inakapezeka ku Sudan. Yotsalayo ili ku Ntcheu ndithu, koma ndikaiika pamwamba pa mapu akale a boma aja a 1:50,000, amene ndinachita sikani n'kuwakhazika pa malo ake ndi chida cha mu QGIS chotchedwa Georeferencer, yonse yatsetserekera kummwera. Mjigo wa pasukulu uli m'dambo, wina uli pakati pa manda enieni. Mfumu ikadzaona zimenezi ndidzalipira mbuzi ine. Ndiye ndinayesa Buffer, chida chojambulira bwalo kuzungulira mjigo uliwonse, ndinalemba 500, chinthu chinangodzaza sikirini yonse ndi mtundu umodzi, Malawi osaonekanso. Kodi ndi foni yanga yomwe ikunama, kapena ndi ine?

Saveya_Wopuma:

Mwana wanga, foni yanu musaiimbe mlandu, ndipo mapu akalewo sakunamanso ayi. Za Sudan ndi za Buffer ndisiyira anyamata, ine ndiyankha za mandazo chifukwa ndi zomwe ndinakalamba nazo.

Tengani pepala la mapulo, muyang'ane m'munsi mwake, mmene muli timalemba ting'onoting'ono tomwe anthu sawerenga. Mupeza mawu onena za datum, ndiye poyambira kuyeza malo, ndi spheroid, ndiye chithunzi cha dziko chomwe anayezerapo. Mapu athu akale anayezedwa pa Arc 1950, pogwiritsa ntchito chithunzi cha dziko chotchedwa Clarke 1880. GPS ya m'foni mwanu imayeza pa WGS 84. Dziko lapansi si lobulungira bwinobwino ngati mpira, ndiye akatswiri a nthawi zosiyana anaganizira kukula ndi kuphwatalala kwake mosiyana, ndipo poyambira kuwerenga panasiyananso. Zili ngati amayi awiri oyeza chimanga, wina ndi ndowa yaikulu wina ndi yaing'ono: chimanga n'chomwecho, koma nambala zituluka ziwiri. Kuno kwathu, malo amodzi omwewo, manambala a UTM (gridi ya mapu yoyeza m'mamita) a pa Arc 1950 ndi a pa WGS 84 amasiyana ndi mamita pafupifupi 300, makamaka kuchoka kumpoto kupita kummwera. Kummawa ndi kumadzulo kusiyanako n'kochepa. Mwanena kuti yonse yatsetserekera mbali imodzi, kummwera. Chizindikiro chake n'chimenecho. Foni ikamanama imamwaza madontho uku ndi uku, siwasuntha onse pamodzi ngati asilikali.

Ndikuganiza kuti pokhazika mapuwo munawerenga manambala a m'mbali mwa pepala, koma pa Target CRS, pomwe mumasankha muyezo wa mapuwo, munasankha nambala ya EPSG:32736, yomwe ndi WGS 84 ya UTM zone 36S. Manambalawo si a kumeneko. Bwerezani ntchitoyo, musankhe EPSG:20936, ndiyo Arc 1950 ya zone 36S yomweyo. QGIS ikakufunsani njira yosinthira, sankhani yomwe yalembedwa Malawi. Chenjerani, palinso Arc 1960 yomwe imafanana dzina, imeneyo amagwiritsa ntchito kwambiri ku Tanzania, Kenya ndi Uganda. Madontho okhazikira mapu musatenge anayi okha a m'makona. Pepala lakale limakhala litapindidwa, litanyowapo, litafutukuka. Tengani asanu ndi atatu kapena khumi pamene mizere ya gridi ikudutsana, ena a pakati.

Masiku athu tinkasenza theodolite, makina oyezera malo, kukwera nayo phiri kukafuna chipilala cha simenti chija cha pamwamba, tsiku lonse kuti tipeze dontho limodzi. Zipilala zina ndinadzazipeza zitaswedwa ndi anthu oganiza kuti azungu anakwiriramo chuma. Inu mwatenga madontho 143 ndi chala chimodzi, ndiye musadandaule kwambiri.

Mapu_Zomba:

Achemwali, madala afotokoza bwino, ine ndingotola zotsalazo.

Za Sudan: tsegulani Excel muyang'ane latitude ya mijigo isanu ndi iwiriyo. Malawi ali kummwera kwa equator, ndiye latitude yathu imayamba ndi kamzere ka minus, monga -14.8. Kakangosowa, dontho limadumphira kumpoto, ndipo pa longitude ya 34 kumeneko ndi ku Sudan. Kawirikawiri zimachitika ndi mizere yomwe munthu analemba pamanja. Muonenso kuti pa Add Delimited Text Layer, X ndi longitude, Y ndi latitude. Mukazitembenuza mijigo imakagwera m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi Morocco, ine zinandichitikirapo pamaso pa anthu.

Za Buffer: madontho a m'foni ali pa EPSG:4326, ndipo muyezo wake ndi madigiri, osati mamita. Digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 111. Inuyo munauza kompyuta kuti ijambule bwalo la madigiri 500, pomwe dziko lonse kulizungulira ndi 360 basi! Pitani ku Reproject Layer, musinthire ku EPSG:32736, mukatero pangani Buffer pa layer yatsopanoyo, ndipo muchonge Dissolve kuti mabwalo olowerana aphatikizane. Ubwino wake dziko lathu lonse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, lili mu zone 36, ndiye nambala ndi imodzi yomweyo. Osasokoneza Reproject ndi Set Layer CRS. Yachiwiriyo sisintha manambala, imangomata dzina lina pa botolo lomwelo, ndipo anthu ambiri amaonongera ntchito pamenepo.

Koma kunena zoona, ine mapu akalewo ndikanangowasiya. Midzi inakula, ina inagawikana, misewu inasintha. Ikani plugin ya QuickOSM mukoke nyumba ndi misewu kuchokera ku OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti ojambulidwa ndi anthu odzipereka, kenako Select by Location ikupatsani nyumba zomwe zili kunja kwa mabwalo aja. Malire a maboma ndi a ma T/A mungawapeze pa mawebusaiti a HDX kapena MASDAP. Zonsezi sungani mu GeoPackage, fayilo imodzi. Mtundu wina wa fayilo wotchedwa Shapefile umavuta: fayiloyo imayenda ndi abale ake, .shp, .shx, .dbf ndi .prj, mukatumiza imodzi yokha pa WhatsApp winayo satsegula kanthu, komanso imadula mayina a makolamu pa zilembo khumi. Ndipo muzisunga pafupipafupi, magetsi athuwa sapereka chenjezo.

Pulogalamuyi musaiderere poti ndi yaulere. Anaiyamba Gary Sherman mu 2002, nthawi imeneyo inkatchedwa Quantum GIS, ndipo mpaka lero ikukonzedwa ndi anthu a m'maiko ambiri. Pochita dawunilodi muzitenga yolembedwa LTR, ndiyo yokhazikika. Mmodzi akawononga bandulo yake, ena nonse mungotengerana pa fulashi, palibe amene angakumangeni.

Saveya_Wopuma:

Achimwene a ku Zomba, pa zosiya mapu akale pokhapo ndakana. OpenStreetMap imadalira kuti kodi kuderalo kunapita anthu odzipereka kukajambula kapena ayi. Kuchigwa cha Shire kunajambulidwa kwambiri chifukwa cha madzi osefukira, monga a mu Januwale 2015, koma pali midzi ina kumtunda kuno yomwe mupeza msewu umodzi ndi nyumba zitatu, pomwe pali mabanja ambirimbiri. Mwanayu akawerenga nyumba zimenezo n'kupereka nambala kwa abwana ake, anamiza anthu mosadziwa. Ayambe wayatsa chithunzi cha setilaiti pansi pake, aone ngati madenga omwe akuoneka ajambulidwa onse. Ndipo mayina a timitsinje, madambo ndi timapiri, amene nyakwawa imalozera pofotokoza malire, ambiri muwapeza pa pepala lakale lomwelo. Agwiritse ntchito zonse ziwiri.

Mapu_Zomba:

Ndavomera madala, pa nyumbazo mwandigwira. Achemwali, ngati mudzi mwaupeza wopanda kanthu, mutha kutsegula akaunti pa OpenStreetMap n'kujambula nokha, wotsatira adzapeza zokonzeka. Koma osati sabata ino.

Mlangizi_wa_Zaumoyo:

Ine za EPSG sindizitsata, ndimangolandira mapu opangidwa kale n'kumayenda nawo m'midzi. Ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi, amayi. Bwalo lanu la mamita 500 limayeza ngati mmene iulukira mbalame. Mayi wosenza ndowa sauluka. M'dera langa muli mudzi womwe pa mapu unaoneka kuti uli ndi madzi, chifukwa mjigo uli pafupi, koma pakati pali mtsinje. Kuyambira Disembala mpaka Malichi sawoloka, amamwa za m'zitsime zosatetezedwa, ndipo ndi nyengo yomweyo imene timalimbana ndi matenda otsegula m'mimba. Mudziwo unadumphidwa pogawa mijigo chifukwa pa pepala unali m'kati mwa bwalo. Kwanu ku Ntcheu kulinso zitunda ndi zigwembe, mamita 400 okwera phiri ndi ndowa pamutu si masewera.

Muikemo mitsinje ioneke bwino, ndipo pomwe bwalo ladumpha mtsinje mulembepo. Musaiwalenso kuchotsa mijigo yakufa musanapange mabwalowo, apo ayi mjigo womwe unafa chaka chatha uoneka ngati ukumwetsa anthu. Mayina a midzi muwalembe molondola. Mfumu ikalandira mapu imayamba kufuna mudzi wake, ikaupeza walembedwa molakwika kapena mwauika pansi pa gulupu wina, msonkhano wonse uthera pamenepo, za madzi osakambanso.

Wamijigo:

Zikomo kwambiri nonse, dzulo ndagona mochedwa koma zatheka. Bambo Saveya, m'munsi mwa pepala munalidi Clarke 1880, ndinali ndisanawerengepo chiyambire. Nditasankha 20936 mapu anatsika n'kukhala pansi pa madontho anga, mjigo wa pasukulu wabwerera pasukulu. Ya ku Sudan ija inalidi yopanda minus, ndi yomwe ndinakopera m'kope tsiku lomwe foni inatha moto. A Zaumoyo, mwandipulumutsa: ndinali nditapanga mabwalo pa mijigo yonse, yakufa yomwe. Nditachotsa yakufayo, mbali ina yonse ya kummawa yangotsala mbee.

Koma wa kumanda uja sunasunthe mokwanira, unangochoka pakati n'kukaima m'mphepete. Ndinayang'ana mu Kobo kolamu ya precision, yosonyeza mamita omwe foni ingaphonye nawo, yalemba mamita 4, kutanthauza kuti foni inalondola. Kenako ndinakumbukira. Tsiku limenelo pamudzipo panali maliro, sindikanayamba kuzungulira pa mjigo ndi foni anthu akulira. Ndinakhala nawo mpaka kumanda, ndipo fomu ndinadzaza pobwerera, nditaima pansi pa mtengo pomwe ndinasiya njinga. Ndipitanso Lachinayi m'mawa ndikatenge bwino.

Achimwene a ku Zomba, funso lina: mu Print Layout mayina a midzi akukwerana, ena sakuoneka n'komwe, ndipo pulinta ya kuofesi ndi ya A4 yakuda yokha. Ndichepetse zilembo kapena ndigawe mapuwa pa T/A pa T/A?