LCM ya 4 ndi 6, ine ndati 24 aticha ati 12, ndalakwa pati?

AmakeDalitso:
Muli bwanji nonse. Mwana wanga ali Giredi 6 kuno ku Chipata, dzulo wabwera ndi homuweki ya masamu ati pezani LCM ya 4 ndi 6. Ine ndangochita 4 x 6 nkumuuza kuti lemba 24, lero wabwera buku lili ndi mtanda wofiira ati yankho ndi 12, mwana akungondiyang'ana ngati ndamulakwitsa dala. Sukulu ndinasiya kalekale, masamu anga ndi a chenji pa msika wa Kapata basi. Koma 4 ndi 6 zonse si zimalowa mu 24? Nanga ma multiples ndi ma factors ndi chinthu chimodzi kapena?

TichaWaKuKatete:
Amake Dalitso simunasochere kwambiri ayi. Ma multiples ndi tebulo lija tinkaimba m'kalasi, a 4 ndi 4, 8, 12, 16, 20, 24 kumangopita osatha, a 6 ndi 6, 12, 18, 24, 30. Manje yang'anani manambala amene ali m'mizere yonse iwiri, muona 12, muonanso 24, mukapitiriza mupeza 36 ndi 48. Amenewo ndiwo ma common multiples, ndiye 24 yanu ilimo ndithu, koma L uja wa mu LCM akuimira lowest, akufuna wamng'ono pa onse, malo oyamba pomwe mizere iwiri yakumana, ndiye 12.

Ma factors ndi nkhani ina. Multiples amakwera, factors amatsika, ndi manambala amene amagawa nambala yanu osasiya chotsala, a 6 ndi 1, 2, 3, 6 basi atha. Ana ambiri amasokoneza LCM ndi HCF (highest common factor, factor yaikulu pa onse imene imagawa manambala onse awiri) pa mayeso a Giredi 7 chifukwa cha pomwepa. Ine ndimawauza kuti LCM singachepere nambala yaikulu imene wapatsidwa, ukapeza 2 pa funso la 4 ndi 6 dziwa kuti wayankha la HCF.

Mjomba_Chadiza:
Kkkk aticha mwandikumbutsa zikoti za matebulo. Ine ndinazimva bwino ndili wamkulu kale, kudimba. Tinene kuti tomato mumapopera pakapita masiku 4 alionse, repu masiku 6, mwayamba zonse lero. Tsiku lomwe mudzanyamulenso mpope wa zonse ziwiri ndi la 12, kenako la 24. Mwana mufotokozereni choncho amva msanga, kapena muikireni nyemba m'milu ya 4 ndi ya 6 aone pomwe zafanana.

Chiko_UNZA:
Nyemba zili bwino koma pa mayeso palibe nthawi amalume, makamaka akakupatsa manambala akuluakulu ngati 12 ndi 18. Phwanyani nambala iliyonse mu ma prime (manambala monga 2, 3, 5 amene amagawika ndi 1 ndi iwo eni basi), 12 ndi 2 x 2 x 3, 18 ndi 2 x 3 x 3, ndiye mutenge 2 kawiri chifukwa mu 12 ali kawiri, 3 kawirinso chifukwa mu 18 ali kawiri, 2 x 2 x 3 x 3 ikupatsa 36. Mukanachita 12 x 18 mukanapeza 216, onani kutalika kwake.

Njira yanu ija mayi imagwira pokhapokha manambalawo alibe factor yofanana kupatula 1, monga 3 ndi 5 LCM ndi 15 ndithu. Koma 4 ndi 6 onse ali ndi 2 mkati, ndiye munamuwerenga kawiri 2 ameneyo, gawani 24 yanu ndi 2 mupeza 12 ya aticha. Ndipo asazipeputse izi, zikubweranso pa ma fractions, 1/4 + 1/6 pansi pamafunika 12 yomweyi, 3/12 + 2/12 ndi 5/12.

TichaWaKuKatete:
Zoona a Chiko, koma wa Giredi 6 ayambe walemba mizere kaye mpaka azolowere, ma prime abwera pambuyo. Ndaona ana oloweza njira ya prime koma ukawafunsa multiple ndi chiyani amangoti duu.

AmakeDalitso:
Zikomo kwambiri nonse. Tayesa 6 ndi 8 ndi mizere, mwana wapeza 24, ine dzanja linali litathamangira kale pa 48 kkkk. Pali lina la manambala atatu, 3, 4 ndi 10, ife tapeza 60, aticha tationereni ngati zili bwino asanapite nalo mawa.