Mwana wakhoza zonse, Chingerezi chokha chamugwetsa

Nabanda, ku Santhe:
Abale, ndithandizeni nzeru. Zotsatira za Fomu 4 za mtsikana wanga wachisamba zatuluka: Masamu 3, Ulimi 2, Chichewa 2, Biology 4, Geography 5, koma Chingerezi 9. Akuti setifiketi ya MSCE palibe. Mwana ameneyu amawerenga ndi tochi mpaka tambala woyamba kulira. Mapepala a fodya wathu akabwera kuchokera ku okushoni ya Chinkhoma, ndiye amakhala pamphasa n'kutiwerengera ndalama zimene adula pa ngongole ya feteleza, bambo ake akungogwedeza mutu. Ameneyu ndiye tinene kuti sadziwa kuwerenga? Lero ndi tsiku lachitatu nsima akungoyitsina. Abwereze Fomu 4 yonse?

Mphunzitsi wopuma, ku Nkhamenya:
Mayi, pepani kwambiri. Lamulo la MANEB ndi lakuti Chingerezi chikhalepo pakati pa maphunziro amene mwana wakhoza, ngakhale ndi 7 kapena 8. Chikakhala 9, kukongola kwa magiredi enawo sikupulumutsa. Ine lamuloli sindilitsutsa lonse, chifukwa ku koleji mabuku ndi a Chingerezi. Chimandiwawa n'chakuti mwana wakumudzi amakumana nacho m'kalasi mokha, buku limodzi ana asanu. Musawononge fizi ya chaka chonse. Akalembetse ngati external candidate, wongolemba mayeso osalowanso m'kalasi, alimbane ndi chimene chamugwetsacho. Ambiri amagwera pa summary (kufupikitsa nkhani), note making (kutola mfundo zikuluzikulu) ndi chimangirizo. Tsiku lililonse awerenge nkhani imodzi ya munyuzipepala, ayifupikitse m'mizere isanu, wina amuchongere.

Achimwene a ku Toronto:
Kuno ku Ontario, m'dziko la Canada, nakonso mwana satenga dipuloma ya sekondale asanaonetse kuti amatha kuwerenga ndi kulemba. Mayeso ake amalemba mu Grade 10, kukadali zaka ziwiri kuti amalize. Akalephera amalembanso, apo ayi amachita kosi yapadera ya kuwerenga ndi kulemba m'malo mwa mayesowo. Vuto limaoneka msanga, osati mwana atalongedza kale katundu kubwerera kumudzi.

Nabanda, ku Santhe:
Zikomo nonse. Aphunzitsi, ndamuwerengera uthenga wanu, wakweza nkhope koyamba. Loweruka ndikukagulitsa ndowa ziwiri za mtedza pa boma, ndibwera ndi nyuzipepala. Koma wochonga ndiye ndilibe. Alipo wapafupi ndi Santhe angatithandize?