Ndimuonetse mng'ono wanga filimu imeneyi, kapena ndingotukusa chilonda?

Abale anga pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Amene simunaonere The Babadook pepani, ndiulula mathero ake.

Ine mafilimu oopsa ndimawakonda, koma osati aja a magazi ponseponse, kapena a chiphokoso chokudzidzimutsa utangoiwalako. Ondikoka mtima ndi oyenda pang'onopang'ono, amene chilombo chake chimaimira chinthu chomwe munthu akuopa kuchitchula. Mu His House ya 2020, banja lothawa nkhondo ku South Sudan lapatsidwa nyumba ku England, koma zokhala m'makomamo ndi zomwe anabwera nazo okha mumtima.

Koma yondigwira kwambiri ndi The Babadook ya Jennifer Kent, ya ku Australia, yotuluka mu 2014. Mwamuna wa Amelia, mayi wa mufilimuyi, anafa pangozi ya galimoto akumuperekeza kuchipatala kukachira, moti tsiku lobadwa la mwana wake ndi tsiku lomwenso anakhala wamasiye. Papita zaka pafupifupi 7 koma salola munthu kutchula dzina la malemuyo. Chilombo chimatulukira m'buku la ana, ndipo akamachikana m'pamene chimakula mphamvu. Kumapeto sachipha ayi. Amachisunga m'chipinda chapansi pa nyumba, n'kumakachipatsa nyongolotsi m'mbale.

Ndinaionera patangopita miyezi yochepa bambo anga atamwalira. Pa mbale ya nyongolotsi ija ndinaimitsa filimu, ndinalira mpaka m'maso kutupa. Aliyense ankangoti limba mtima, ziiwalika. Apa m'pomwe ndinamva koyamba kuti chisoni sichisamuka, koma ukhoza kuchipezera malo m'nyumba osakudya.

Nkhani yanga ndi iyi. Mng'ono wanga amuna ake anamwalira chaka chatha, anamusiyira kamnyamata. Malaya a malemu akadali pachitseko pomwe anawakoleka, ndipo ukangoyandikira amakuyang'ana diso lofiira. Tsiku lina mwana anangogwetsa kapu, iye kumukalipira mpaka mwanayo kunjenjemera, kenako yekha n'kukadzitsekera kuchipinda. Ndikafunsa amangoti ali bwino.

Mtima wanga ukuti ndikhale naye tionere limodzi, mwina filimuyo inganene zomwe pakamwa panga pakulephera. Amuna anga akukana. Akuti muli mbali zomwe mayi uja amalankhula mawu oopsa kwa mwana wake, mpaka kufuna kumupweteka, ndiye mng'ono wanga akhoza kuganiza kuti ndikumuloza chala kuti ndi mayi woipa. Sindingawatsutse, chifukwa ine ndinataya bambo, pomwe iye nkhani ya mufilimuyo ili ngati yake yeniyeni.

Inu amene munaferedwapo amuna kapena akazi, filimu yotere inakupepuzani kapena inakulemetsani? Ndimuuziretu zonse za m'menemo kuti asankhe yekha? Kapena ndiyambe ndamuthandiza kupeza mlangizi woti azicheza naye, za filimu zidikire?