Kachotupa kofiira pansi pa diso la mwana wanga

Moni nonse m'gulu muno. Mwana wanga wamkazi ali ndi miyezi 3. Atatha masabata awiri chibadwire, panatuluka kadontho kofiira pansi pa diso lakumanzere. Pano katukuka, kafika ngati njere ya mtedza, kofewa, ndipo akalira kamafiiriratu.

Kusikelo anati ndi hemangioma, timitsempha tamagazi tounjikana pakhungu, si khansa, kadzaphwa kokha pakapita zaka. Mafuta tadzola, palibe chasintha. Agogo ake akuti tikatemere, ine ndakana. Koma kayamba kukankha chikope, ndiye tulo sindikutiona, ndikuopera diso.

Ndamva kuti madokotala amapereka mankhwala otchedwa propranolol ochepetsa kachotupa kotere. Alipo amene mwana wawo anamwapo, kanaphwa? Ndili ku Balaka, ndipite ku Zomba Central kapena ku Queens? Chonde ndithandizeni.